Nyongolotsi zikutha koma bream osakodwa: vuto lili pati?

Choyandama chagwedera kawiri, chamira pang'ono, mwakoka. Mbedza yatuluka ili mbee, nyongolotsi yapita. Mwaika ina, mwaponya pomwepo, zachitikanso zomwezo. Pamene dzuwa likufika paliwombo, m'chitini mwatsala dothi lokha, ndipo m'ndowa muli tinsomba tiwiri tosakwana chikhatho. Amene anawedzapo bream amalidziwa tsiku lotere, ndipo ambiri amangoti lero kunalibe mwayi. Nthawi zambiri mwayi umanamiziridwa. Chimene chachitika n'chakuti zida zonse, kuyambira mbedza mpaka choyandama, zakulira kakamwa ka nsombayo.

Tiyambe tamvana za dzinali. Mawu akuti bream amatchulira nsomba zosiyana malinga ndi dziko: ku Ulaya ndi nsomba yaikulu yaphanthiphanthi ya m'banja la carp, kumwera kwa Africa ndi tilapia, ndipo kumwera kwa United States, komwe amawatchula ngati "brim", ndi bluegill pamodzi ndi abale ake monga redear ndi redbreast. Pano ndikunena za gulu lomalizali, lomwe anthu amaliwedza kwambiri ndi nyongolotsi zamoyo komanso nyongolotsi zopanga zoponya ndi ndodo ya fly, ndodo yoponyera nyambo zopepuka kwambiri pogwiritsa ntchito kulemera kwa chingwe chake. Komabe zambiri mwa izi zimagwira pa nsomba iliyonse ya kakamwa kakang'ono imene imadya moyamwa.

Kadyedweko ndiye gwero la nkhani yonse. Bluegill siluma n'kuthawa nacho chakudya ngati galu. Imayandikira, n'kuima, n'kuchiyang'anitsitsa, kenako imatsegula kakamwa mwadzidzidzi n'kukoka madzi pamodzi ndi chakudyacho. Chikapanda kuikomera, kapena ikamva kuti chikukokedwa ndi chinachake, imalavula pomwepo. Bluegill ya masentimita 18 kapena 20 ndi nsomba yabwino kwambiri, koma m'kamwa mwake mumangokwana nsonga ya chala chaching'ono. Ngakhale yaikulu koposa yomwe inalembedwapo, ya makilogalamu 2.15, yogwidwa mu 1950 ku Ketona Lake m'chigawo cha Alabama, inali nsomba ya thupi lalikulu pa kakamwa kochepa.

Nyambo ikubedwa, mbedza osakola

Yambani ndi nyongolotsi yeniyeniyo, chifukwa apa m'pamene ambiri amalakwitsa. Munthu amatenga nyongolotsi yonse, n'kuibaya kamodzi pakati, mbali zonse ziwiri zili lende. Imaoneka bwino, inde, ndipo imanyongoloka mokopa. Koma bream imagwira kumchira, kutali ndi mbedza, n'kukoka mpaka nyongolotsi itang'ambika. Choyandama chimamira ndithu, chifukwa nsomba ikukoka, koma mbedza siinalowe m'kamwa. Inu mukakoka, mumangomaliza ntchito yong'amba ija. Dulani kachidutswa ka masentimita 2 kapena 3, kavekeni pa mbedza ngati mukuveka sokosi kuphazi, kakwere mpaka kumsana kwa mbedza, n'kusiya kamchira kosapitirira sentimita imodzi. Nyongolotsi imodzi yaikulu ikupatsani nyambo zinayi kapena zisanu. Kachidutswa kodulidwa kamatulutsanso fungo lochuluka m'madzi kuposa nyongolotsi yathunthu.

Pali chikhulupiriro chakuti nsonga ya mbedza iyenera kubisika, apo ayi nsomba iona n'kuthawa. Ine sindigwirizana nacho. Bream imadya tizilombo ta miyendo yolimba ndi tinkhono, choncho kachitsulo kotuluka pang'ono sikaidabwitsa. Nsonga yokwiririka m'nyongolotsi iyenera kuyamba yaboola nyamboyo isanafike pa mlomo wa nsomba, ndipo pa nthawi imeneyo nsomba yalavula kale. Isiyeni poyera.

Ikatha nyambo, onani mbedza. Manambala a mbedza amayenda chobwerera: nambala ikakula, mbedza imachepa. Nambala 2 kapena 4, yomwe imabwera m'mapaketi ambiri a oyamba kumene, ndi yaikulu mosayenera. Nambala 8 ndi poyambira pabwino, nambala 10 ngati nsomba zili zocheperako. Sankhani ya waya woonda ndi msana wautali, mtundu umene umatchedwa Aberdeen. Waya woonda suphulitsa nyongolotsi, umalowa pa mlomo mosavuta, ndipo mbedza ikakola pa chitsa imaongoka mukakoka pang'onopang'ono m'malo modula chingwe. Mumangoipindanso ndi pulayala. Yesaninso kuthwa kwake. Kokani nsonga mopepuka pa chikhadabo cha chala chachikulu: ikamakanda n'kufuna kuima, ili bwino, ikamaterera, inoleni kapena isintheni. Mbedza yomwe yakhudza miyala kangapo imabuntha munthu osadziwa.

Tsopano choyandama, chomwe kwa ine ndicho chimabetsa nyambo kuposa china chilichonse. Chozungulira chija, chofiira pamwamba choyera pansi, chachikulu ngati dzira, chimaoneka patali ndipo ana amachikonda. Vuto lake n'lakuti kuti chimire, nsomba iyenera kuchikoka mwamphamvu, ndipo bream ikangomva kulemerako imasiya. Inu mumangoona kugwedera n'kuganiza kuti ndi tiana tikuseweretsa, pamene mwina inali nsomba yaikulu yomwe yayamwa n'kulavula. Tengani choyandama choonda, chachitali ngati pensulo kapena nthenga, ndipo muchilemeretse ndi timitovu mpaka kunsonga kokha, ngati sentimita imodzi kapena ziwiri, kutsale pamwamba pa madzi. Chikatero, ngakhale kukoka kochepa kumachimiza. Ntchito imeneyi ichitireni kunyumba mu ndowa yakuya, osati m'mphepete mwa madzi dzuwa likutuluka, nsomba zikudya, zala zikunjenjemera ndi changu.

Kamtovu komalizira kakhale masentimita 20 mpaka 30 pamwamba pa mbedza. Kakatalikira, nsomba imatha kutenga nyambo n'kuyenda nayo uku ndi uku choyandama chili phee. Kakayandikira kwambiri, nyambo imagwa ngati mwala ndipo nsomba imamva kulemera ikangoyamwa. Dziwaninso kuti kudya sikuoneka ndi kumira kokha. Nthawi zina choyandama chimakwera kapena kugona chammbali pamadzi. Apo ndiye kuti nsomba yatenga nyambo n'kukwera nayo, yanyamula kamtovu. Ambiri amangoyang'ana n'kudikira kuti chimire, osadziwa kuti mbedza ili kale m'kamwa. Kokani pomwepo. Za mtovuwo, zigawo zina za United States monga New Hampshire ndi Maine zinaletsa timitovu ting'onoting'ono chifukwa mbalame za m'madzi zimatimeza n'kufa, choncho kumeneko mufunika tolemetsa ta chitsulo china.

Chatsala ndi dzanja lanu. Kujompha kwa mwamsangamsanga, kuja choyandama chimanjenjemera osachoka pamalo, musakuyankhe. Dikirani chiyambe kuyenda chammbali mosadukiza, kapena chimire n'kukhala pansi. Zikatero tukulani nsonga ya ndodo ndi mkono wakunsonga wokha, mofulumira koma mosagwetsa mtengo. Kukoka kwa thupi lonse kuja kumang'amba mlomo woonda wa nsombayi, kapena kumaulutsa mbedza n'kukakola mumtengo kumbuyo kwanu. Ndipo chingwe chisakhale chodenyeka pamadzi. Mphepo ikachipinda ngati uta, kukoka kwanu konse kumathera poongola utawo. Chingwe choonda, cholimba makilogalamu 2 kapena kucheperapo, sichigwidwa kwambiri ndi mphepo ndipo chimalola nyambo kugwa mwachibadwa.

Sinthani chinthu chimodzi pa nthawi, kuyambira ndi kufupikitsa nyambo, kuti mudziwe chomwe chinali kukulepheretsani. Ngati mwasintha zonsezi nyambo ikubedwabe, ndiye kuti pansipo pali tiana tokhatokha tomwe sitingameze ngakhale nambala 10. Musatiphunzitse kudya. Chokanipo.

Nsomba ikumeza mbedza mpaka kukhosi

Ili ndi vuto lotsutsana ndi loyambalo, ndipo limabwera mukangochepetsa zida. Nyongolotsi yamoyo imakoma, choncho nsomba ikapanda kumva chokoka siilavula, imameza. Zimachitika kwambiri mukasiya ndodo pansi n'kuyang'ana kwina, kapena mukamawedza pansi popanda choyandama chingwe chili chodenyeka. Gwirani ndodo m'manja, fupikitsani nthawi yodikira, ndipo ngati zikuchitikabe kwerani mbedza kuchoka pa 10 kupita pa 8 kapena 6. Msana wautali uja umathandizanso apa, chifukwa umatsala kunja kwa kakamwa n'kukupatsani pogwira. Finyani kadzino ka mbedza ndi pulayala kuti kagone. Simutaya nsomba zambiri ngati chingwe chili chokungika, ndipo kuchotsa mbedza kumakhala kwa kanthawi kochepa. Ilipo mbedza yopindikira mkati yotchedwa circle, imene imaterera kuchoka kukhosi n'kukola pakona ya mlomo. Ndi imeneyo simukoka mwadzidzidzi, mumangokunga chingwe pang'onopang'ono.

Ikameza ndithu ndipo mukufuna kuibwezera m'madzi, dulani chingwe pafupi ndi kamwa. Kusolola mbedza mokakamiza kumang'amba m'kati, ndipo nsomba yotuluka magazi kawirikawiri imakafa ngakhale itasambira bwinobwino pochoka. Poigwira, nyowetsani dzanja, ndipo liyendetseni kuchokera kumutu kupita kumchira kuti minga ya chipsepse cha pamsana igone. Mukaigwira mosaganiza, mingayo imabaya mopweteka.

Mukungogwira ting'onoting'ono

Tiana ta bream timakhala m'madzi osaya, m'kati mwa udzu, pothawa bass ndi nsomba zina zolusa. Zikuluzikulu siziopa kwambiri, choncho zimakhala kunja kwa udzuwo, pomwe pansi pamayamba kutsetsereka, kapena pansi pa gulu la tianato. Nyambo ikamamira pang'onopang'ono kuchokera pamwamba, tiana timaifikira isanatsike. Apa lamulo la kupepuka lija mumaliphwanya dala: onjezani kamtovu kuti nyambo idutse msanga pa gululo, ndipo sankhani choyandama chokulirapo pang'ono chogwirizana ndi kulemerako. Kuti mufike mamita 2 mpaka 4 popanda kuvutika poponya, gwiritsani choyandama choterera pa chingwe, chomwe chimakaima pa kamfundo komwe mwamanga pa kuya kumene mukufuna.

Nyengo yoswana imasintha zonsezi. Madzi akatentha kupitirira madigiri 20, zazimuna zimapita kosaya n'kusesa pansi ndi mchira, kupanga timaenje tozungulira ngati mbale, tambirimbiri pamalo amodzi. Yaimuna ndiyo imalondera mazira, ndipo imatola chilichonse chogwera m'chisa. Asodzi ambiri amati kuswanaku kumakula mwezi ukakhala wathunthu, ndipo kumabwerezedwa kangapo m'miyezi yotentha. Pa nthawi imeneyi kugwira zikuluzikulu n'kosavuta, ndipo m'pamene dziwe limawonongekera. Pakakhala zazimuna zikuluzikulu zolondera zisa, zazing'ono zimachedwa kukhwima n'kupitiriza kukula. Zikuluzikuluzo zikatha kuchotsedwa, zazing'ono zimayamba kuswana msanga, mphamvu n'kuthera pamenepo m'malo mokulitsa thupi. Patapita zaka zochepa, dziwe lonse ladzaza ndi nsomba zopinimbira. Zomwezo zimachitika bass zikachepa kapena udzu ukachuluka moti tiana tonse tikupulumuka n'kumalimbirana chakudya. M'dziwe lotere palibe mbedza kapena nyambo imene ingakupatseni nsomba yaikulu, chifukwa mulibemo. Mudzalizindikira poona nsomba zoonda, za maso aakulu poyerekeza ndi thupi, zonse za msinkhu umodzi. Komwe zikuluzikulu zikadalipo, tengani zapakatikati n'kubweza zazimuna zazikulu, ndipo onani malire a chiwerengero omwe chigawo chanu chinaika pamodzi ndi laisensi.

Choyandama chili phee

Musanasinthe nyambo kapena malo, sinthani kuya. Yambani pafupi ndi pansi, n'kumakweza masentimita 30 pakapita mphindi zingapo. Bream imakonda kudya chomwe chili pamlingo wa maso ake kapena pamwamba pang'ono. M'nyengo yotentha kwambiri, nyanja ndi madamu akuya amagawika: madzi ofunda pamwamba, ozizira pansi, ndipo apansiwo nthawi zambiri amasowa mpweya. Nyambo yoikidwa kumeneko ili m'chipululu. Chizindikiro chake n'chakuti nyongolotsi imatuluka yozizira, yosakhudzidwa. Kwezani. M'nyengo yozizira nsomba zimaunjikana kwakuya ndipo zimadya mwaulesi, choncho kachidutswa kachepe kwambiri ndipo kakhale malo amodzi nthawi yaitali.

Bluegill imasaka ndi maso. M'mamawa ndi madzulo ndi nthawi zake, ndipo masana imabisala mumthunzi wa mitengo, wa milatho ndi wa masamba oyandama. Chithunzithunzi chanu chikagwera pamadzi osaya, kapena mukagwetsa pulayala m'bwato la chitsulo, mwazibalalitsa. Khalani chete kwa mphindi zingapo, zimabwerera.

Redear ili ndi khalidwe lake. Amaitcha shellcracker chifukwa ili ndi mano kukhosi ophwanyira nkhono, ndipo moyo wake uli pansi. Nyambo yolendewera pakati pa madzi imaidutsa osaiyang'ana. Ifuneni ndi nyongolotsi yogona pansi penipeni, pafupi ndi zitsa kapena pamchenga wa zigoba, n'kumaikoka pang'ono pakapita nthawi. Imakula kuposa bluegill: ku Lake Havasu, m'malire a Arizona ndi California, inagwidwa ina mu 2021 yopitirira makilogalamu 2.8. Pa redear mungatalikitseko nyongolotsi pang'ono.

Kanthu kena komwe anthu amakaiwala ndi manja. Mafuta a injini, mafuta oteteza khungu ku dzuwa ndi mankhwala othamangitsa udzudzu zimatsalira pa zala n'kupita pa nyambo. Mankhwala a udzudzu okhala ndi DEET amawononganso pulasitiki, kuphatikizapo chingwe cha fly. Sambani, kapena tikitani manja m'matope a m'mphepete musanagwire nyambo.

Nyongolotsi yopanga: akuinyalanyaza, kapena mukuphonya

Nyongolotsi zopanga zodziwika zilipo ziwiri. San Juan worm ndi kachingwe kaubweya ka chenille komangidwa pa mbedza, ndipo dzina lake linachokera ku mtsinje wa San Juan ku New Mexico, komwe asodzi a trout anaitchukitsa kumunsi kwa Navajo Dam. Inayo ndi squirmy, ya labala wofewa wonga wa zidole za ana, imene imanjenjemera ngakhale madzi ataima. Zonsezi zinapangidwira trout m'madzi oyenda, ndipo mavuto ake pa bream amachokera pomwepo.

Loyamba ndi kutalika. Yogula imakhala yaitali, yoyenera kamwa ya trout. Bream imagwira kunsonga, inu n'kumva kugogoda, n'kukoka mphepo. Tengani sizasi, duleni itsale masentimita 2.5 kapena 3, pa mbedza ya nambala 10 kapena 12. Chenille mukaidula, yandikizani nsonga zake ku lawi la moto kwa kamphindi kuti zisungunuke pang'ono n'kusongoka, apo ayi idzamasuka pa nsomba yachiwiri.

Lachiwiri ndi kamiridwe. Mu mtsinje madzi ndiwo amayendetsa nyambo, koma m'dziwe ntchitoyo ndi yanu. Chenille youma imayandama ngati kachitsotso, choncho inyowetseni n'kuifinya ndi zala musanaponye. Yopanda cholemetsa imamira pang'onopang'ono, ndipo m'madzi osapitirira mita imodzi palibe yoiposa, chifukwa bream zambiri zimadya nyambo ikugwa. Kwakuya pang'ono pamafunika ya kamkanda kachitsulo kumutu. Mkanda wa tungsten ndi wolemera kwambiri. M'madzi osaya umagwetsa nyambo m'matope nsomba isanaganize n'komwe, koma kupitirira mamita 2 ndi wothandiza. Mukaponya, werengani pamene ikumira, ndipo kumbukirani nambala yomwe nsomba yadyera kuti mubwereze. Ikafika, ikokeni masentimita 3 kapena 5 okha n'kuima, n'kudikira mpaka mutayamba kutopa nako kudikirako. Nyongolotsi sithamanga m'madzi. Ambiri amaikoka ngati kansomba kothawa, bream n'kumangoitsatira modabwa mpaka pamapazi awo.

Lachitatu, lomwe ndi lalikulu, ndi nthawi yokokera. Apa zomwe munaphunzira ndi nyongolotsi yamoyo zimakupusitsani. Yamoyo nsomba imaisunga m'kamwa, choncho kudikira pang'ono kumathandiza. Yopanga ilibe kukoma kapena fungo, ndipo bream imailavula nthawi yomweyo ikazindikira kuti ndi ulusi. Mukadikira kuti mumve kukoka m'dzanja, mwachedwa. Muyenera kuona, osati kumva. Nsonga ya ndodo ikhale pansi, yoloza kumene kuli nyambo, chingwe chili choongoka, maso ali pomwe chingwe chikulowera m'madzi. Chikangodumpha, kuima mosayembekezeka kapena kupatuka, kungani pomwepo ndi dzanja logwira chingwe. Mudzakoka pachabe kangapo, palibe kanthu. Ngati maso akuvutika, mangani kachizindikiro koyandama kakang'ono kwambiri, kapena ikani popper (kanyambo kopanga koyandama kamene kamachita phokoso mukakakoka) pamwamba n'kumangirira nyongolotsi pa kachingwe ka masentimita 40 mpaka 60 pansi pake. Popper imaitana nsomba ndi kaphokoso kake, imakhala choyandama chanu, ndipo nthawi zina imadyedwa nayonso. Chingwe chakunsonga cha 4X kapena 5X (manambala osonyeza kuonda kwake) n'chokwanira, pa ndodo ya fly yopepuka ya nambala 2 mpaka 5.

Za mtundu sindidzataya nthawi. Wofiira umagwira pafupifupi kulikonse, mwina chifukwa pansi pa maiwe pamakhala timphutsi tofiira ta tizilombo touluka tonga udzudzu, tomwe bream imadya tsiku ndi tsiku. Wapinki ndi wabulauni ndi okwanira kusinthira. Mukasintha mitundu itatu osaphula kanthu, vuto ndi kuya kapena liwiro.

Nsomba zikasiya mwadzidzidzi pamalo pomwe zimadya, tulutsani nyambo muione. Kamchira kamakonda kuzengerezeka pa mbedza poponya, nyambo n'kumazungulira m'madzi ngati kachipiringu n'kupota chingwe. Fupikitsani kamchirako ndipo ponyani mofatsa, chingwe chikupanga uta wotakasuka m'mwamba. Squirmy ili ndi matenda akeake. Ulusi womangira ukakungidwa kwambiri umaidula. Guluu ndi vanishi zambiri zomatira mfundo zimaisungunula. Bokosi likatsala m'galimoto padzuwa, mudzapeza phala lomata pa nyambo zina zonse. Isungeni payokha, pozizira, ndipo mutenge zambiri, chifukwa timano ta bream timaidula pakangopita nsomba zochepa. Chenille siyenda mokongola chotero koma imapirira tsiku lonse, ndipo ine pa bream ndimayamba ndi imeneyo.

Tsiku lovuta, ena amabaya kachidutswa ka nyongolotsi yamoyo pa mbedza ya yopangayo. Zimagwira, bola kuponya mofatsa kuti kasathothoke. Koma m'madzi omwe malamulo amalola nyambo zopanga zokha, kuchita zimenezi ndi mlandu, ndipo m'zigawo zina ngakhale kupaka mafuta afungo kumawerengedwa ngati nyambo.

Nyongolotsi zikufa m'chitini

Nyongolotsi imapuma ndi khungu, ndipo khungulo liyenera kukhala lonyowa koma losamizidwa. Zimene zimazipha ndi kutentha, kuuma, kuchuluka kwa madzi ndi kusowa mpweya. Dothi kapena nyuzipepala yong'ambidwa yomwe zikukhalamo ikhale yoti mukaifinya m'dzanja pangotuluka dontho limodzi kapena awiri. Chivundikiro chikhale ndi timabowo. Chitini chikhale mumthunzi, chokutidwa ndi nsalu yonyowa. Pansi pa bwato padzuwa zimapsa pa ola limodzi. Tsiku lililonse chotsani zakufa ndi zodukaduka, chifukwa imodzi ikaola imapha zinzake mofulumira. Madzi a pampopi okhala ndi klorini asiyeni agone usiku musananyowetsere.

Mitundu yake imasiyananso. Nightcrawler yaikulu ya ku Canada imafuna kuzizira, ndipo malo ake ndi mufiriji, osati mufiriza. Red wiggler, kanyongolotsi kofiira ka m'manyowa, kamapirira kutentha ndipo mufiriji kamafooka. Kukula kwake n'koyenera bream, ndipo kamatulutsa timadzi tachikasu tonunkha mukakabaya. Nightcrawler ya ku Ulaya ili pakati: yokulirapo kuposa red wiggler, ya khungu lolimba, yosathothoka msanga pa mbedza. Ngati vuto lanu ndi kubedwa kwa nyambo, imeneyi ndiyo yoyenera kuyesa. Ku Sopchoppy, m'chigawo cha Florida, anthu ofuna nyongolotsi za nyambo amakhoma chikhomo cha mtengo pansi n'kumachikhula ndi chitsulo, nyongolotsi n'kutuluka zokha pamwamba. Katswiri wa zamoyo Kenneth Catania anasonyeza mu 2008 kuti kunjenjemera kwa nthakako kumafanana ndi kwa mfuko ikamakumba, choncho nyongolotsi zimakhala zikuthawa mdani. Ntchitoyi amaichita m'nkhalango ya Apalachicola ndi chilolezo, ndipo tauniyo imachita chikondwerero chake chaka ndi chaka.

Zotsala pomaliza kuwedza musazikhuthulire m'mphepete mwa madzi poganiza kuti mukuzichitira chifundo. Nkhalango za kuzungulira nyanja zikuluzikulu za Great Lakes, m'malire a United States ndi Canada, zinakula popanda nyongolotsi chichokereni madzi oundana a kalekale, ndipo zobwera ndi anthu zimadya masamba ogwa omwe mbande ndi maluwa a m'nkhalango amamerapo. Ku Minnesota lamulo limafuna kuti nyambo yosafunikanso itayidwe m'bini. Ngati zikadali zamphamvu, zisinthireni dothi, ziwazireni ufa pang'ono pamwamba, n'kuzibwezera pozizira mpaka ulendo wotsatira.